Alendo amene namondwe wa Freddy anatibweretsera

Ndimakhala ku Zingwangwa mumzinda wa Blantyre, ndipo ndimagulitsa kaunjika. Amuna anga ndi kalipentala. Mu Malichi 2023 tinalandira m'nyumba mwathu mayi wina ndi ana ake awiri, anthu amene sitinkawadziwa ngakhale dzina, ndipo anakhala nafe mpaka nyengo yozizira itapita. Sindinong'oneza bondo. Koma pali zina zimene zinawapweteka iwo, zina zinatipweteka ife, zomwe zikanapeweka pakanakhala wondinong'oneza msanga. Mayiyo anandilola kulemba nkhaniyi, bola ndisamutchule.

Azanyengo anali atachenjeza pa wailesi kuti namondwe wa Freddy, amene anali atawomba kale ku Madagascar ndi ku Mozambique n'kubwerera m'nyanja, walowanso kumtunda cha ku Quelimane pa 11 Malichi. Ambirife tinangoti idzakhala ngati mvula ya namondwe wa Ana ya chaka chinacho, tidzayanika zovala basi. Lamulungu inagwa tsiku lonse osapuma, ndipo usiku wake napolo anatsika m'phiri la Soche n'kulowa mu Chilobwe, miyala, mitengo ndi matope zonse pamodzi, anthu ali m'tulo.

Lolemba m'mawa ndinatuluka kukafuna makala poti magetsi anali atazima. Mumsewu munali anthu otsika kumtunda, matope thupi lonse, ena akulira, ena ali duu. Pakhonde la golosale ina yotseka panakhala mayi wina, khanda kumsana, kamtsikana ka zaka ngati 7 katamukhalira pambali. Kanavala patapata mmodzi, ndipo mano ankagundana ndi kuzizira mpaka ndinkawamva ndili pamsewu. Ndinadutsa ndithu, ndinakagula makala anga. Pobwerera ndinawapeza pomwepo, osasuntha.

"Amayi, mukudikira munthu?"

"Bambo a anawa. Anati titsogole, akubwera pambuyo."

"Nanga nyumba?"

Anangoloza kuphiri ndi mlomo. Ndinati tiyeni mukaothe moto, mvula ikakata mudzabweranso kudzawadikira. Mumtima mwanga inali nkhani ya tiyi ndi chitenje chouma, osati ya miyezi.

Nyumba yathu ndi ya zipinda ziwiri ndi pabalaza, ndipo tili ndi ana atatu. Amuna anga atawona alendo akumwa phala pa mbaula anandiitanira kuchipinda. "Mayi, anthuwa ndi a kwa ndani?" Ine m'malo moyankha funso ndinawaponyera vesi, Mateyu 25, ya mlendo, wanjala ndi wamaliseche ija. Anakhala chete. Ndinayesa kuti ndawina, koma zoona zake n'zakuti ndinawatseka pakamwa. Munthu sangatsutse Baibulo, komabe mantha ake amakhala pomwepo, ndipo amadzatuluka tsiku lina ngati mkwiyo. Mukatenga mlendo, khalani pansi ndi mnzanu wa m'nyumba usiku woyamba womwewo, mukambirane zinthu zosakoma kuzikamba: agona pati, ufa ulipo wochuluka bwanji, mudzaunikanso liti mmene zinthu zikuyendera. Kukambirana zimenezi si kuchepa kwa chikhulupiriro.

Masiku otsatira anali ofunafuna mwamuna wa mayi uja. Ankagwira ntchito yonyamula katundu ku Limbe. Tinakwera kukaona pamene panali nyumba yawo ya lendi, tinapeza miyala ikuluikulu ndi matope ofika m'chiuno, asilikali, apolisi, a Red Cross ndi anyamata a m'deralo akukumba ndi makasu ndi mafosholo. Lachitatu kunali mwambo wa maliro a anthu ambiri ku Chilobwe komweko, ndipo Pulezidenti Lazarus Chakwera analamula masiku 14 a chisoni m'dziko lonse. Ife tinali ku mochale ya ku chipatala chachikulu cha Gulupu, pamzere wa anthu ofuna abale awo. Mayi uja ankalowa kukavundukula nsalu, ine ndili panja ndi khanda lake kumsana. Akatuluka ankangopukusa mutu. Ulendo umenewu musamusiye munthu apite yekha, ndipo ana asapite nawo. Tsiku lina anatuluka miyendo itafooka, anakhala pansi pa simenti yonyowa, ndipo pakanapanda munthu womugwira sindikudziwa akanafika bwanji kunyumba.

Foni yake inapita ndi madzi, pamodzi ndi chitupa cha unzika ndi mabuku a kuchipatala. Manambala onse a abale anali mufoniyo, pamtima panalibe ngakhale imodzi. Nambala yakale sakanaibwezeretsa popanda chitupa, ndipo chitupa china chinkafuna kuyamba wakanena kupolisi kuti choyamba chinatayika. Tinachedwa kupita kupolisi chifukwa maganizo onse anali pa mochale. Pitani msanga, mukanene zonse ziwiri nthawi imodzi, za munthu wosowayo ndi za zitupa. Pepala lomwe amakupatsani limatsegula zitseko zambiri pambuyo pake. Inunso amene mukuwerenga, lowezani nambala imodzi kapena ziwiri za abale anu, ndipo muwaloweze ana.

Chinthu chimene chinawononga kwambiri ndinachichita ndi mtima wabwino. Anthu othawa napolo ankasonkhana m'masukulu ndi m'matchalitchi, ndipo kumeneko n'kumene ankalemba mayina. Mayi uja anafunsa ngati sikungakhale bwino kuti apite kukampu. Ndinakana. Kunali kolera, anthu ankagona mothithikana m'makalasi, zimbudzi zinali zochepa. Ndinati, "Achemwali, kuno muli pakhomo, kumeneko mukangodwalitsa ana." Komanso sindinauze aliyense, amfumu ayi, kumpingo ayi. Ndinkadziuza kuti dzanja lamanzere lisadziwe zimene lamanja likuchita. Mawu amenewo Yesu ankaletsa kudzionetsera, sankanena kuti wovutika azibisidwa. Zotsatira zake, pamene ufa, mabulangete, ndowa ndi mapoto zinkagawidwa, dzina la mayi uja silinali mu kaundula aliyense. Kwa ogawa thandizo, munthu amene sanalembedwe kulibe. Akanatha kugona kwathu koma dzina lili kukampu kapena kwa amfumu, monga ankachitira anthu ena omwe anasungidwa ndi abale awo. Ine sindinkadziwa kuti zimatheka.

Lamulungu ndinkawatenga onse kutchalitchi, osafunsa. Ankatsatira mwakachetechete, ine n'kumangowauza anthu kuti ndi abale ochokera kumudzi. Tsiku lina ndinagula kanyama ka nkhumba, mayiyo anadya nsima ndi masamba okha, ine mumtima ndinati kodi mlendoyu ndi wosankha chonchi. Mawa lake ndinamva kamtsikana kaja kakunong'ona "Bismillah" kasanatape nsima, amayi ake n'kukatsina pa ntchafu. Ndinachita manyazi osaneneka. Nditamufunsa tili awiri, anavomera kuti ndi Msilamu wa ku Machinga, ndipo ankaopa kuti tikadziwa tiwathamangitsa. Mwezi wa Ramadan unali utayamba masiku omwewo, ife tili mu Lenti. Amuna anga, omwe ndinkawaona ngati ouma mtima, ndiwo anati, "Asiyeni apemphere mmene amapempherera. Tinawatenga chifukwa anali pamvula, osati kuti tiwonjezere anthu m'buku la mpingo." Kuyambira pamenepo nkhumba inasiya kulowa m'nyumba, ndipo ndinamupatsa mpango ndi mkeka wakewake.

Madzulo omwewo, poti chitseko chinali chitatseguka, anandiuza chachiwiri. Anali pa ma ARV, ndipo botolo linapita ndi nyumba. Kuyambira tsiku la napolo sanamwe, uku akuyamwitsa. Kangapo anali atandifunsa kuti chipatala chapafupi chili kuti, ine n'kumayankha kuti kodi mwana watentha thupi, osamva chimene ankafunsa. M'mawa tinapita. Anamulandira ngakhale analibe buku, anamupatsa mankhwala oti apitirize, ndipo anamuuza tsiku lobwera ndi mwana kudzayezedwa. Mwanayo anapezeka alibe kachilombo, koma masabata odikira zotsatira aja mayiyo sankagona. Funso ili lifunseni tsiku loyamba, pambali, ana ndi abambo kulibe: pali mankhwala amene mumamwa tsiku ndi tsiku? Musatchule matenda, angakhale a BP, a shuga, a khunyu, a TB kapena ma ARV. Mlendo amene akudya nsima yanu sangayambe yekha nkhani imeneyi.

Kenako mwana wanga wotsiriza anadwala. Madzi m'mipopi ankabwera mwa apo ndi apo, ndiye tinkatunga pa chitsime cha aneba, ndipo kolorini anali atatha m'nyumba. Usiku anayamba kutsegula m'mimba, zamadzimadzi zoyera, ndi kusanza. Pofika nthawi imeneyo kolera inali itapha anthu oposa 1,500 m'dziko muno kuchokera pomwe inabuka mu 2022. Ine mutu unaima. Mayi uja ndiye anawiritsa madzi, anathira masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi, n'kumamumwetsa pang'onopang'ono pamene amuna anga ankathamanga kufuna wa kabaza. Kuchipatala anamuika diripi ndipo anachira. Adokotala anati kumumwetsa kuja ndi kufulumira kubwera n'zimene zinathandiza. Sungani mapaketi a Thanzi ndi kolorini m'nyumba musanawonjezere anthu, pakuti anthu asanu ndi atatu pa chimbudzi chimodzi ndi ndowa imodzi si masewera.

Pamene ine ndinali gadiyani kuchipatala, amene ankaphikira ana anga ena ndi kuwachapira anali mlendo yemweyo. Komabe alamu anga atabwera kudzazonda matenda anayankhula mokweza pakhonde kuti tatola anthu a m'misewu atibweretsera kolera. Ana a mlendoyo sanadwale n'komwe. Vuto linali chitsime. Koma mawu akatuluka sabwerera, ndipo iye anawamva ali kuseri akutsuka mbale.

Za ndalama ndinene mosabisa. Thumba la chimanga lomwe linkatifikitsa kumapeto kwa mwezi linkatha mwezi uli pakati, ndipo inali nthawi imene chimanga chimakhala chodula, anthu asanakolole. Makala anakwera chifukwa misewu ndi milatho zinali zitaduka. Zovala za alendo ndinatenga mu belo lomwe ndinali nditangotsegula, ndipo ndinasankha zabwinozo, zimene zimabweza mpamba. Masiku amene ndinali ku mochale, kupolisi ndi kuchipatala, benchi langa kumsika linali lopanda munthu. Pofika kumayambiriro kwa Epulo mpamba unali utadyedwa, ndinakatenga K100,000 ku banki m'khonde, ya chiwongola dzanja mwezi ndi mwezi, osawauza amuna anga. Anadziwa pamene amayi a gulu anabwera kudzandikumbutsa tsiku lobweza.

Usiku umenewo tinakangana zenizeni. Iwo anati mlendo ndi mame, koma mame awa dzuwa latuluka kalekale sakuuma. Ine ndinawanena kuti Chikhristu chawo n'cha Lamulungu lokha. Nyumba yathu ilibe siling'i, mawu amadumpha khoma. M'bandakucha ndinapeza mayi uja atamanga tizovala take mu jumbo, khanda kumsana, akudzutsa kamtsikana. "Amayi, mwandichitira zazikulu, Mulungu akudalitseni. Koma banja lanu lisathe chifukwa cha ine." Ndinamufunsa kumene akupita. Analibe yankho, monga tsiku loyamba lija. Amuna anga ndiwo anatuluka n'kumulanda jumboyo. "Mlamu, khalani pansi. Vuto si inu. Vuto ndi ife amene tikusenza katunduyu mobisa ngati tinaba."

Inali sabata ya Pasaka. Titatuluka m'mapemphero a Lachisanu Loyera ndinakhala pansi ndi amayi a Mvano n'kuwauza zonse, za ngongole zomwe, ndi zoti alendo aja si abale anga ndipo ndi Asilamu. Ndinkayembekezera kuyamikiridwa kapena kunyozedwa. Agogo ena, omwe akhala mu Mvano kuyambira ine ndisanabadwe, anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwana wanga, nkhani ya Msamariya umaiwerenga mpaka pati?"

Ndinati ndimaidziwa yonse, ili pa Luka 10.

"Ndiye undiuze, wovulala uja anapita naye kunyumba kwake? Anamutsuka mabala, anamukweza pa bulu, anakamusiya kunyumba ya alendo. Anamusamalira usiku umodzi, m'mawa anapereka ndalama kwa mwini nyumba, anati zotsala ndidzalipira pobwera, n'kupitiriza ulendo wake. Sanasiye ntchito yake. Anagawana katundu ndi mnzake. Iwe wafuna kukhala Msamariya, bulu ndi mwini nyumba ya alendo wekha. Ife unatiyesa chiyani?"

Amayi anaseka, ine ndinalira. Agogowo sananene bodza. M'chinsinsi changa chija munalinso kakunyada, kofuna kuti ntchito yabwinoyi ikhale yanga ndekha.

Zinthu zinasintha msanga. Amayi anagawana masabata, wina ufa, wina nyemba, wina sopo ndi mafuta. Sizinali zambiri, ndipo si onse anakondwa. Mmodzi ananena poyera kuti Asilamu ali ndi mizikiti yawo, bwanji osakathandizidwa kumeneko. Ananena mwa nkhanza, koma mkati mwake munali nzeru imene ine sindinaiganize. Mkulu wina wa mpingo anapita kukaonana ndi shehe wa mzikiti wapafupi. Shehe anafunsa mudzi ndi mfumu ya kwawo, anatumiza uthenga kudzera kwa anzake a ku Machinga, ndipo sabata isanathe achimwene a mwamuna uja anaimba foni. Iwo ankayesa kuti banja lonse linafera m'matope. Chimene ine ndinalephera mwezi wathunthu chinatheka m'masiku ochepa, chifukwa choti munthu woyenera anauzidwa. Pa Eid amayi a kumzikiti anabwera ndi mpunga ndi nyama, tinadya tonse pa mkeka umodzi. Mphunzitsi wina wa mumpingo mwathu anathandiza kuti kamtsikana kaja kalowe sukulu yapafupi ngakhale kanalibe kalata yosamukira.

Nkhani ya kaundula ndiyo sinakonzeke bwino. Titapita kukampu anatiuza kuti mayina anatseka kale, tibwere ndi umboni wa amfumu a kumene ankakhala. Amfumuwo ankadziwa eni nyumba, osati aliyense wa lendi, ndipo landilodi wa mayiyo anali atasamukira kwa abale ake kutali. Tinayenda maulendo ambiri, ndalama za minibasi zikutuluka m'thumba lomwelo lobooka. Sindiwada akuluakulu aja. Anthu oposa theka la miliyoni anali atasowa pokhala m'chigawo cha kummwera, oposa 1,000 atamwalira, ndipo panalinso ena omwe nyumba zawo zinali zilili koma ankalembetsa kuti alandire nawo. Wobwera mochedwa ndi nkhani yopanda pepala ankaoneka ngati mmodzi wa iwo. Pamapeto pake, aneba ake akale awiri atamuchitira umboni, analandira bulangete, ndowa ndi ufa pang'ono. Zimene ena analandira potuluka m'makampu kuti akayambirenso, iye zinamudutsa. Chimenechi chimandiwawa mpaka lero, chifukwa amene analipira kusadziwa kwanga ndi iye.

Kanthu kena kamene ndinaphunzira mochedwa ndi ka ntchito. Poyamba ndinkamuletsa chilichonse, akagwira tsache ndimulande, akafuna kuphika ndimuuze kuti ndinu mlendo, pumulani. Ndinkayesa ulemu, koma munthu wamkulu wongokhala n'kumadikira mbale amafota, ndipo maganizo a maliro amamudya kwambiri. Atayamba kundithandiza kumsika nkhope yake inasintha. Anali wodziwa kuitanira kasitomala kuposa ine. Tinagwirizana kuti pa chovala chilichonse chimene wagulitsa azitengapo kake, ndipo amayi a Mvano ndi a kumzikiti anasonkha kampamba koti ayambe kukazinga mandasi ndi zitumbuwa m'mawa.

Mwamuna wake sanapezeke. Abale ake anachita mapemphero kumudzi popanda thupi, ndipo iye anapita n'kubwerera. Kumudziko analibe munda wakewake, ndipo madzi anali atawononganso mbewu kumeneko, ndiye anasankha kukhala m'tauni. Ngongole yanga ndinaimaliza movutika, ndikubweza pang'onopang'ono, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chomwecho mtengo wa belo unakwera ine ndisanaimirire bwino. Amuna anga anagulitsa mipando imene anapangira pabalaza pathu kuti titseke dzenjelo. Tinakhala pa mabenchi mpaka Khirisimasi.

Chakumapeto kwa Ogasiti anatiuza kuti wapeza kachipinda kake. Tinakondwa, amuna anga anamukhomera kabedi ndi kashelefu kuchokera ku matabwa otsala. Tsiku losamuka, wa ngolo atayamba kukwera mtunda, m'pamene ndinazindikira kumene tikupita. Kachipindako kali m'mbali mwa phiri lomwelo, chapafupi ndi khwawa limene napolo anadutsa. Ndinaima pamsewu.

"Achemwali, mwapenga? Boma likuti anthu achoke kuno. Mukufuna tidzakufuneninso ku mochale?"

Anatsitsa ndowa yomwe inali pamutu, anandiyang'ana osakwiya.

"Amayi, mukuganiza kuti ine ndimalikonda phirili? Kumunsi kwanu chipinda chimodzi ndi ndalama ya mandasi a mwezi wonse. Mukandipezera cha mtengo wa kuno, ndisamuka mawa lomwe."

Ndafunsa kumpingo, ndafunsa kumsika, shehe nayenso akufunsa kwa anthu ake. Chipinda cha mtengo umenewo sitinachipezebe. Chimene tinagwirizana n'choti azanyengo akangolengeza za namondwe, asadikire kuona mtambo, atseke chitseko atsike ndi ana kudzagona kwathu, ndipo ulendo uno amfumu a kumtunda ndi a kwathu kuno onse ali ndi dzina lake.